Laston wa pa Katoni

Deliwe ankafuna kujambula mathiraki. Ankafuna kuwajambula onse, mzere wonse.

Kwawo kunali pa boda ya Mwanza. Mathiraki ankaima pamenepo tsiku ndi tsiku. Ankadikira mapepala awo kuti awoloke. Ena anali ofiira. Ena anali oyera. Ena mtundu wake sunkadziwika chifukwa cha fumbi.

Amayi a Deliwe anali telala. Ankasoka pakhonde la golosale. Makina awo ankalira kuyambira m'mawa.

Loweruka lina amayi anati, "Deliwe, uziyang'anira mlongo wako. Lero ntchito yandichulukira."

"Chabwino, amayi," anayankha Deliwe.

Mlongo wakeyo anali Laston. Anali ndi zaka zitatu. Inu mumawadziwa ana a zaka zitatu. Miyendo yawo siimva mawu oti "khala pansi."

Deliwe anatola kamtengo. Anasalaza dothi ndi phazi. Anajambula thiraki yoyamba pansi.

Laston anabwera ndi galimoto yake ya mawaya. "Vuuu," anatero. Anaiyendetsa pa chithunzi pomwepo. Thiraki inafufutika.

"Iwe Laston," anatero Deliwe.

Deliwe anajambula thiraki yachiwiri. Laston anabweranso. "Vuuu." Thiraki yachiwiri inafufutikanso.

Deliwe anapsa mtima. "Choka apa. Kasewere uko. Sindikukufuna pano."

Laston anamuyang'ana. Sanalire. Anatembenuza galimoto yake n'kumapita.

Deliwe anajambula mosangalala tsopano. Anajambula matayala. Anajambula magalasi. Anajambula mathiraki asanu ndi awiri. Dzuwa linafika pamutu, iye osadziwa.

Kenako anadzutsa mutu. Laston panalibe.

Anayang'ana kuseri kwa golosale. Laston kunalibe. Anayang'ana pa mjigo. Laston panalibe. Anayang'ana pansi pa mtengo wa mango. Laston panalibe.

Deliwe anapita pakhonde pang'onopang'ono.

"Amayi, Laston sindikumuona."

Makina anasiya kulira. Amayi anaimirira, nsalu inagwa pansi.

"Wamuona komaliza nthawi yanji?"

"Kalekale," anatero Deliwe. Mawu ake anali aang'ono.

Amayi anamanga chitenje mwachangu. "Ine ndikupita kumsika. Ndikafikanso kwa apolisi. Iwe funsa mbali ino. Usawoloke msewu, wamva?"

Amayi anathamanga. Deliwe anali asanawaonepo amayi ake akuthamanga. Zimenezo zinamuopsa kwambiri.

Anayamba kufunsa anthu.

"Zikomo, mwamuona mlongo wanga?"

"Ndi wooneka bwanji?"

"Ndi wamng'ono. Ndi wamwamuna."

"Ana aang'ono pano ndi ambirimbiri. Uli ndi chithunzi chake?"

Deliwe analibe chithunzi. Masiku amenewo mafoni ojambula anali asanafike. Kunyumba kwawo kunalibe chithunzi cha Laston ngakhale chimodzi.

"Ndimujambula ndekha," anatero Deliwe.

Anang'amba pepala mu kope lake la sukulu. Anatenga pensulo. Anajambula maso, mphuno ndi pakamwa. Anathamanga nalo pepalalo.

Bambo wina wogulitsa makala analiyandikitsa kumaso. Anatsinzina diso limodzi. "Ameneyu ndi mwana kapena dzungu?" anafunsa.

Mayi wina anati, "Akufanana ndi mwana wanga. Akufanananso ndi mwana wa achemwali anga."

Ena sanaime n'komwe. Pa boda aliyense amakhala pa changu. Kapepala kakang'ono angakaone ndani?

Deliwe anafika pa tiyirumu ina. Pamenepo panali a Stafford. A Stafford anali wojambula. Ankalemba zikwangwani ndi kujambula pa makoma a masitolo. Tsikulo ankajambula kapu ya tiyi pakhoma. Malaya awo anali penti yokhayokha.

"Ankolo, mwamuona Laston?" anafunsa Deliwe. Misozi inali pafupi.

A Stafford anaika bulashi pansi. Anatenga pepala lija. Iwo sanaseke.

"Chithunzi chako si choipa," anatero. "Koma ndi chaching'ono. Ndi chotuwanso. Munthu wothamanga sangachione."

"Ndiye nditani?"

"Ndiuze. Laston akakhala patali, umayamba kuona chiyani? Maso ake?"

"Ayi."

"Mphuno yake?"

"Ayi. Ndimaona malaya ake. Ndi achikasu, ali ndi masamba obiriwira."

"Basi, tipange malayawo. Diso limayamba kuona mtundu."

Deliwe anayang'ana zitini za penti. A Stafford anapukusa mutu.

"Penti imachedwa kuuma. Amayi ako si telala? Nsalu ya malayawo inatsalako?"

"Inatsalako tizidutswa."

"Thamanga ukatenge. Utengenso sizasi."

Deliwe anathamanga. Tizidutswa ta nsalu tinali mu jumbo, pansi pa makina. Sanasankhe. Ananyamula jumbo lonse.

Atabwerera, anapeza katoni yaikulu ili pansi. A Stafford anali ataitambasula. Pambali panali guluu ndi khala limodzi.

"Ankolo, nsalu amajambulira?" anafunsa Deliwe akupuma mwawefuwefu.

"Chithunzi sichipangidwa ndi pensulo yokha," anatero a Stafford. "Ena amapaka penti. Ena amasema mtengo. Ena amadula zinthu n'kumata. Kumata nakonso ndi kujambula. Dula, nthawi ikutha."

Deliwe anadula nsalu yachikasu. Anadula thupi la malaya. Anadula mikono iwiri. Anapaka guluu. Anamata pa katoni.

"Tsopano mutu," anatero a Stafford. "Tenga khala. Usajambule zambiri. Mizere yochepa, koma yonenepa."

Deliwe anazunguliza khala kamodzi. Mutu unatha. Anaika makutu awiri. Anaika miyendo iwiri yaifupi. Mwana wa pa katoni anaima chilili, wamkulu ngati Laston weniweni.

Deliwe ananyamula katoni pamwamba. A Stafford anasiya penti yawo osatseka. Anayenda naye limodzi.

Tsopano anthu anayamba kucheuka. Ogulitsa anacheuka. Ogula anacheuka. Ngakhale a changu aja anacheuka.

Wakabaza wina anaimitsa njinga yake. "Malaya amenewa ndawaona," anatero. "Kamwana kake kali kuseri kwa chigayo."

Deliwe anathamanga. A Stafford anathamanga pambuyo pake. Kuseri kwa chigayo kunali kamnyamata. Kanakhala chofulatira. Malaya ake anali achikasu, a masamba obiriwira.

"Laston!" anakuwa Deliwe. Anamugwira paphewa.

Mwanayo anatembenuka. Ankadya chimanga chootcha. Sanali Laston.



Mayi wa mwanayo anatuluka m'chigayo, ufa uli m'nsidze. Anayang'ana katoni. "Imeneyi ndi nsalu ya ukwati wa a Kinsley," anatero. "Abale tonse tinasoketsa nsalu imodzi. Anasoka ndi amayi ako omwe."

Deliwe anakumbukira. Amayi anasoka malaya a ana khumi. Malaya a Laston anawasoka pomaliza, ndi nsalu yotsala.

Ana khumi, malaya ofanana. Pa ukwati zimakongola ndithu. Koma pofuna mwana wosowa, ndi mavuto okhaokha.

Nthawi yomweyo hutala inalira kumsewu. Piiii. Mapepala anali atatuluka. Thiraki yakutsogolo inayamba kuyenda.

A Stafford anayang'ana mzere wa mathiraki. Nkhope yawo inasintha. Deliwe anadziwa zomwe ankaganiza. Laston ankakonda mathiraki kuposa chilichonse.

Deliwe anachita mantha. Anafuna kukhala pansi n'kulira.

"Usalire kaye," anatero a Stafford. "Chithunzi chako chanena zoona. Kungoti sichinamalize kunena. N'chiyani chimene ali nacho Laston yekha?"

Deliwe anatseka maso. Anamuona Laston akutembenuka. Anamuona akupita.

"Mkono," anatero. "Nsalu yachikasu inaperewera. Amayi anaika mkono umodzi wofiira."

"Chinanso?"

"Galimoto yake ya mawaya. Saisiya."

"Ika zonsezo."

Deliwe anakhuthula jumbo pansi. Anafufuza, anafufuza. Anapeza kansalu kofiira. Anamatula mkono umodzi wachikasu. Anamata wofiira.

"Nanga galimoto? Ndijambule ndi khala?"

"Galimoto yake ndi ya chiyani?"

"Ya waya."

"Ndiye ukudikiranji?"

Pafupi panali wokonza njinga. Anawapatsa kawaya ndi msomali. Deliwe anapinda waya. Waya unamubaya chala. Magazi anatuluka pang'ono. Iye sanasamale. Anaboola katoni ndi msomali. Analowetsa waya n'kupota kumbuyo. Anatola zitsekerero ziwiri za mabotolo. Anaziboola, anazimangirira. Amenewo ndiwo matayala.

Piiii. Thiraki yachiwiri inayamba kuyenda.

Deliwe ananyamulanso katoni. Anayenda m'mbali mwa msewu. Mikono inawawa, koma sanaitsitse.

"Mwamuona uyu? Mwamuona uyu?"

Wina anapukusa mutu. Winanso anapukusa mutu.

Pafupi ndi mzere wa mathiraki panali a Esime. Ankagulitsa manachesi kwa madalaivala. Anaona katoni ili patali. Anaimirira.

"Iwe mwana, bwera nacho kuno," anaitana.

Deliwe anapita. A Esime anagwira mkono wofiira uja. Anagwiranso kagalimoto ka waya.

"Ameneyu ndamuona. Ana a malaya achikasu adutsa atatu lero. Koma wa mkono wofiira ndi mmodzi. Anaima apa kuyang'ana manachesi. Ndamupatsa limodzi."

"Wapita kuti?"

"Watsikira kumusi uko, m'mbali mwa mathiraki. Ndimayesa ali ndi wamkulu."



A Stafford anati, "Ine ndiyenda mbali ya kumsewu. Iwe yenda mbali ino. Uzisuzumira pansi pa thiraki iliyonse. Koma usalowe pansi pake. Wamva? Usalowe."

"Ndamva."

Deliwe anasuzumira pansi pa thiraki yofiira. Panalibe munthu. Anasuzumira pansi pa thiraki yabuluu. Panali galu yekha. Galuyo anathawa.

Kutsogolo mainjini ankadzuka. Imodzi inalira. Yotsatira inalira. Phokoso linkabwera, linkayandikira.

Anasuzumira pansi pa thiraki ina. Panalibe munthu.

Kenako anaona makoko a nachesi pansi. Khoko apa, khoko apo. Anawatsatira. Anafika pa thiraki yoyera, yaitali kwambiri. Pansi pake panatulukira kawaya. Kanali chiwongolero cha galimoto ya Laston.

Deliwe anagwada. Pansi pa thiraki panali mthunzi wozizira. Laston anali pomwepo. Anagona tulo, mutu uli pa mkono wofiira. Anagona pafupi ndi tayala lalikulu.

"Laston, dzuka. Tuluka."

Pomwepo injini ya thiraki yoyera inalira. Gruuuu. Nthaka inanjenjemera. Utsi wakuda unatuluka.

Laston anadzidzimuka. Anayamba kulira. Anachita mantha. M'malo motuluka, anakakamira tayala lija.

"Laston, bwera kuno!"

Laston sanamve. Phokoso linameza mawu onse.

"Ankolo!"

A Stafford sanamve. Anali atapitirira, kuseri kwa thiraki ina.

Deliwe anafuna kulowa pansipo. Anakumbukira mawu aja: usalowe. Akalowa, aimitsa thiraki ndani?

Thiraki ya kutsogolo inayamba kusuntha. Yotsatira inali yoyerayi.

Deliwe anathamangira kumutu kwa thiraki. Dalaivala anali pamwamba, kutali. Galasi linali lotseka. Maso ake anali kutsogolo.

"Imani! Imani!"

Dalaivala sanamve. Sanamuonenso. Deliwe anali wamfupi kwambiri.

Anabwerera m'mbuyo pang'ono. Anakweza katoni ndi manja onse awiri. Anadumpha. Anaigwedeza. Anadumphanso.

Chikasu chinawala padzuwa. Kufiira kunawala. Dalaivala anacheuka.

Anatsitsa galasi. Ananena mawu ena. Deliwe sanawamve. Dalaivalayo anali wochokera dziko lakutali. Chichewa sankachidziwa. Anakupiza dzanja kuti Deliwe achoke.

Deliwe sanachoke. Analoza mwana wa pa katoni. Kenako analoza pansi pa thiraki. Analozanso katoni. Analozanso pansi.

Dalaivala anayang'ana katoni. Anaona mutu. Anaona miyendo yaifupi. Anaona kagalimoto ka waya. Maso ake anakula.

Injini inazima.

Kunangoti zii. Kunamveka kulira kwa mwana basi.

Dalaivala anatsika modumpha. Anali bambo wamkulu thupi. Anagona chafufumimba pa fumbi. Anakwawa pansi pa thiraki yake. Anayankhula motsitsa, m'chinenero chake. Anamasula timanja ta Laston pa tayala. Anatuluka naye.

Laston anali fumbi lokhalokha. M'masaya munali madzi a nachesi ndi misozi. Sanavulale paliponse.

Deliwe anaponya katoni pansi. Anamukumbatira mlongo wake. Apa ndiye analira. Analira kuposa Laston.

Dalaivala anakhala pansi pomwepo. Anatola katoni ija. Anaipukuta fumbi ndi chipewa chake. Anaipereka kwa Deliwe ndi manja awiri.

A Stafford anafika akuthamanga. A Esime anafika. Anthu anasonkhana. Wakabaza uja anapalasa njinga kukatenga amayi kumsika.

Amayi anatsika njinga isanaime. Ananyamula Laston. Anamugwira mutu. Anamugwira miyendo. Anamugwira msana. Anamuyang'ana paliponse, kawiri.

Kenako anagwada pamaso pa dalaivala. "Zikomo, bambo," anatero.

Dalaivala anapukusa mutu. Analoza Deliwe.

Deliwe anayang'ana pansi. Mumtima munali mwala.

"Amayi," anatero. "Ndine ndinamuthamangitsa. Ndinamuuza kuti achoke."

Amayi anaona chala cha magazi. Anaona guluu m'manja mwake.

"Ndamva," anatero amayi. "Ndiwe unamuthamangitsa. Ndiwenso wamupeza. Zonse ziwiri tikakambirana kunyumba."

Anamukokera pachifuwa ndi mkono winawo. Deliwe anapuma bwino koyamba.

A Stafford anayang'ana kumene anasiya penti. "Penti yanga yauma tsopano," anatero. "Koma palibe kanthu. Lero ndaona chithunzi chikuimitsa thiraki."

Laston anali atasiya kulira. Anatsika m'manja mwa amayi. Anaima kutsogolo kwa katoni. Anaiyang'anitsitsa.

"Uyu ndani?" anafunsa.

"Ndiwe," anatero Deliwe.

Laston anagwira mkono wofiira wa pa katoni. Anagwira mkono wake. Anavomera ndi mutu. Kenako anagwira kagalimoto ka waya. Anakwinya nkhope.

"Galimoto yanga ili ndi matayala anayi," anatero. "Iwe waika awiri."

Mwamumva mwana ameneyu? Anthu onse anaseka. Amayi anaseka misozi ili m'maso. Dalaivala nayenso anaseka, ngakhale sanamve kanthu.

Ananyamuka kupita kwawo. Amayi ananyamula katoni pamutu. Laston anayendetsa galimoto yake ndi dzanja limodzi. Dzanja linalo analigwira Deliwe.

Anadutsa pa manachesi. Anadutsa pa chigayo. Anadutsa pa tiyirumu.

"Deliwe, ukundifinya," anadandaula Laston.

"Ndikudziwa," anatero Deliwe.

"Ndisiye."

"Ayi."

Ndipo sanamusiye mpaka anafika pakhonde.